A Damiyano ndi Thadzi Lothyoka Mwendo

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza cha alamu anga, a Damiyano Nakhumwa, chaka chitakwana chimwalirireni. Simenti isanaume, mdzukulu wawo anatola kamtengo n'kujambulapo njinga: mawilo awiri opotoka ndi mahandulo opindikira pansi. Anthu anaomba m'manja. Kenaka mkulu wina amene kale anali mlonda ku fabirika ya tiyi anaimirira n'kunena mawu amene ndakhala ndikuwamva zaka zoposa makumi anayi. Akuti chikhala kuti a Damiyano ndi amene anapita ku Quelimane chaka chija, chikho chikanabwera kuno ku Milange. Onse anavomera, "Eee, zoona zimenezo." Amene anapita ku Quelimane chaka chimenecho ndine, ndipo ndinali chiimire pomwepo, fosholo ili m'manja.

Ndisabise, munthuyu ndinkawachitira nsanje ali moyo, ndipo manda sanandichiritse. Anali achimwene ake a mkazi wanga Rozina, ondiposa ndi zaka khumi ndi ziwiri, komanso ndi amene anandiphunzitsa kukhala bwino pa chishalo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mlamu wotero ukamuda, umakadandaula kwa ndani? Ndinkangoseka nawo, kudya nawo mbale imodzi, kwinaku mtima ukundinyeka.

Anali munthu wamfupi, wowonda kumtunda ngati sadya, koma ntchafu zake zinkang'amba kabudula. Lachisanu lililonse ankakhala pakhonde ndi lezala n'kumameta miyendo, amayi odutsa ndi zidebe akufa nako kuseka. Iwo sizinkawakhudza. Ankati bala la pa mwendo wometa limapola msanga, ndipo wotchova njinga amene sakonzekera kugwa ndiye kuti sanayambe kuthamanga. Zipsera zawo ankazitchula mayina a malo amene anagwera: cha pa bondo chinali Mlatho, cha pa chigongono chinali Majaua. Ankanenanso kawirikawiri kuti bala limene silinafike ku miyendo ndi nkhani ya mwini wake, njinga sizikuikhudza. Chaka china chala chaching'ono cha kuphazi chitathyoka, anangoboola nsapato kuti chalacho chituluke, n'kupambana mpikisano chili panja.

Dziko litalandira ufulu, boma linatenga minda ya tiyi ya pansi pa phiri la Tumbine, ndipo mashefe atsopano anafuna kuti fabirika ikhale ndi otchova njinga akeake. A Damiyano anali atatchuka kale kuyambira nthawi ya Apwitikizi, choncho anawapatsa nyumba m'komboni ndi dzina loti mesenjala. Kalata imene anaperekako ine sindinaione. Ntchito yawo inali kudzuka, kudya nthochi zinayi, kutchova mpaka dzuwa lifike pamutu, n'kugona. Ine ndinkathyola tiyi dengu lili kumsana mpaka masana, ndiyeno n'kumawathamangira madzulo ndi miyendo yotopa kale.

Panalinso njinga. Mwana wa mzungu amene ankayang'anira fabirika anaisiya pothawa, yofiirira, yopepuka moti unkainyamula ndi zala ziwiri. Mu Milange monse njinga ya mpikisano yeniyeni inali yomweyo. Enafe tinkangochotsa keliyala ndi madigadi pa njinga zathu zonyamulira chimanga n'kumadzinamiza. A Damiyano ankaigoneka kuchipinda, ndipo akafika pamatope ankatsika n'kuisenza paphewa. Tsiku lina ndinangoigwira chishalo, iwo anapukutapo ndi malaya ine ndikuona.

Mipikisano imene tinapikisana sindingaiwerenge, koma mathero ake anali amodzi. Msana wawo ndinkaudziwa bwino kuposa nkhope. Ankakonda kuuza anthu kuti mlamu wawo Felisiyano ndi munthu wodala, poti mu Milange monse ndi iye yekha amene amaonera pafupi momwe katswiri amatchovera. Anthu ankaseka chikhakhali, inenso ndinkaseka nawo.

Mkangano wawo umene anthu amaukumbukirabe ndi wa sekeretariyo wa chipani, mnyamata wa magalasi wochokera kumwera amene ankakhala khomo loyandikana nawo. Pa chikondwerero china cha ufulu, sekeretariyoyo anatisonkhanitsa mpikisano usanayambe.

"Makamarada, m'dziko latsopano mulibe woyamba kapena womaliza," anatero. "Mukafika pa msika mudikirane, mulowe pamodzi mutagwirana mapewa, mbendera ili patsogolo."

"Kamarada sekeretariyo," a Damiyano anafunsa mwaulemu, chipewa chili m'manja, "ndiye tikuvutikiranji kukazungulira ku mlatho? Bwanji tingogwirana pompano, puronto, basi, tizikadya?"

"Ndi lamulo, kamarada."

"Chabwino, ndamva."

Titafika pa msika tonse tinagwira mabuleki monga tinauzidwira. A Damiyano anadutsa ngati sanatione. Anakafika okha, n'kutsika, n'kumwa madzi, ife tikubwera pambuyo titagwirana mapewa ngati operekeza mkwati. Pa msonkhano wotsatira anawaimika kutsogolo kuti adzidzudzule, iwo n'kunena nkhope ili gwa kuti mabuleki anakana. Palibe chimene anawachita, chifukwa fabirika inalibe wina wopambana. Chimene chinkandipweteka n'chakuti tsiku limenelo ine ndinali pafupi nawo kuposa kale lonse, koma ndinamvera lamulo.

Chaka chachitatu chilandirireni ufulu kunabwera kalata yoti ku Quelimane kudzakhala mpikisano wa chigawo chonse cha Zambezia, ndipo Milange itumize munthu mmodzi. Mashefe anagamula kuti pakhale mpikisano wosankhira, pa msewu wa ku Mocuba kupita ndi kubwerera. Wopambana adzatenga njinga yofiirira ija ndi kamizola, malaya a mpikisano olembedwa dzina la boma lathu kumsana. Aliyense ankadziwa kuti kamizolayo asokera ndani.

Kutatsala milungu inayi, tinkatsika msewu wa ku Tumbine m'mawa wa Lamlungu, iwo patsogolo monga mwa masiku onse. Pa khona ina thirakitala inali itatayapo masamba a tiyi onyowa. Wilo lakutsogolo linaterereka, munthu uja n'kuuluka, n'kukafikira phewa. Ndinamva fupa likulira ndili pa chishalo. Mulungu andikhululukire, ndisanatsike n'komwe kuti ndiwadzutse, mtima wanga unali utawerenga kale masiku otsala.

Kuchipatala anati fupa lopingasa la pansi pa khosi lathyoka. Anawakoleka dzanja m'nsalu n'kunena kuti adikire milungu isanu ndi umodzi. A Damiyano anangoti zikomo, koma potuluka anandinong'oneza kuti mawa lake ndiwatengere kwa a Namwiyo, mayi wokalamba wolunga mafupa amene ankakhala chakunjira ya ku Majaua. Ndinawakweza pa keliyala ya njinga yanga, thadzi lamawangamawanga la pakhomo pawo lili m'kadengu pamiyendo pawo. Tsiku limenelo lokha ndi limene anaona msana wanga.

A Namwiyo anapapasa phewa lija, anatema mphini, anapaka mankhwala akuda. Kenaka anatenga thadzi lija, n'kuthyola mwendo wake kamodzi n'kamodzi, n'kuumanga ndi tinsungwi tiwiri ndi luzi.

"Fupa lanu ndi la nkhukuyi tsopano ndi limodzi," anatero. "Tsiku limene idzaponde pansi ndi mwendo uwu n'kufukula dothi, inunso bwererani pa msewu. Mukaitsogolera, fupa lidzagwirana mokhota, ndiye musadzandionetse nkhope kuno."

"Nanga amayi, matayala akapanda kugunda pansi?" anafunsa a Damiyano.

Gogoyo anabwezera thadzi m'kadengu. "Ine ndanena za msewu."

Vuto linali posunga thadzilo. Masiku amenewo chipani chinkalimbana ndi asing'anga ndi zonse zimene chinkazitcha zamdima. Wogwidwa ankaimikidwa pa msonkhano, ndipo ena ankatengedwa kupita kutali kokaphunzitsidwanso. Munthu wokoleka dzanja, pabwalo pake n'kumayenda nkhuku yomangidwa mwendo, khomo loyandikana ndi sekeretariyo, ngakhale mwana akanadziwa tanthauzo lake. Nyumba yanga inali kunja kwa komboni, kungowoloka kamtsinje, poti ukaitana mokweza amamva. Choncho thadzi linabwera kwathu, ndipo moyo wa alamu anga wa pa njinga unakhala pansi pa dengu kuseri kwa khitchini yanga.

Zimene anachita milungu imeneyo, anthu amazisimbabe. Anazika mphanda ziwiri pabwalo, n'kupachikapo njinga yofiirira kuti wilo lakumbuyo lilendewere. Anamangirira chidutswa cha tayala lakale kuti chizikhula wilolo lizilemera. Ndiye ankakwera, dzanja lili m'kapulana, chitenje cha akazi awo a Marita, n'kutchova maola atatu akuyang'ana khoma, mano atalumana, thukuta likuchita chithaphwi pansi. Ana a sukulu, amayi ochokera kuchigayo, ngakhale madalaivala a malole ankaima kudzaonerera. Nkhani ya nkhuku inali itamveka kale m'manong'onong'o, ndipo aliyense ankaidziwa kupatula sekeretariyo, kapena nayenso ankangodzigonetsa. Ine nthawi yomweyo ndinkakwera Tumbine kawiri pa tsiku, ndekhandekha, mpaka kulawa magazi kukhosi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima kundiyang'ana. Anthu ankakonda kuonera munthu wotchova osapita kulikonse.

M'mawa uliwonse ndinkadzera pakhomo pawo.

"Alamu, wodwala mnzanga uja wadzuka bwanji?" ankafunsa motsitsa mawu.

"Akuyenderabe umodzi, alamu."

Kwa masiku khumi ndi asanu ndi atatu yankho limenelo linali loona. Tsiku lotsatira ndinavundukula dengu kuti ndiponye madeya, thadzi lija n'kutuluka, n'kudzinyanyamula, n'kuyamba kufukula dothi ndi mwendo womwe uja. Luzi linali litamasuka. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi. Ndinayang'ana uku ndi uku, Rozina anali kudimba. Ndinaligwira, ndinabwezera tinsungwi, ndinamanga luzi mothina kuti mwendo usawongoke, n'kuvundikiranso. Sindinganame kuti ndinazengereza. Ndinawoloka kamtsinje n'kukanena mawu anga a masiku onse.

Kutatsala masiku atatu, ndinabwera kuchokera kothyola tiyi n'kupeza dengu lili chagada, nkhuku kulibe. Ndinafunafuna m'chinangwa, m'nthochi, mpaka kumanda, osayerekeza kufunsa munthu. Nditabwerera dzuwa litapendeka, ndinapeza dengu lavundikiridwa bwinobwino, mwala uli pamwamba, thadzi lili m'kati, mwendo uli chimangire. Rozina ankasenda chinangwa pakhonde osadzutsa mutu. Ndinaganiza kuti walipeza ndi iye, ndipo poti sanandifunse kanthu, inenso sindinaputeko.

Tsiku la mpikisano wosankhira, a Damiyano anabwera wapansi, akukankha njinga yofiirira ndi dzanja limodzi. Pamaso pa anthu onse anandipatsa. Anatsitsa okha chishalo pang'ono, n'kundiuza kuti ndisamwe madzi ambiri ndisanatembenuke. Amayi ena analira poona mtima wabwino wotero. Ndinapambana mosavuta, kusiya aphunzitsi awiri ndi mnyamata wa ku positi kutali. M'manja munaombedwa mwaulesi. Pamene ankandiveka kamizola, maso a anthu anali kwa munthu wokoleka dzanja amene anaima pansi pa mtengo.

Za ku Quelimane ndinena mwachidule. Kulibe phiri kumeneko, msewu uli see pakati pa migwalangwa ya kokonati, kutentha kwake konyowa, mphepo ikuchokera kunyanja. Anyamata akumeneko ankathamanga mothithikana, kutchingirana mphepo n'kumasinthana kutsogolo, zimene ine ndinali ndisanazionepo. Ndinatsogola ndekha ngati wamisala theka loyamba, mphepo n'kundimaliza, onse n'kundidutsa ngati ndaima. Ndinafika m'gulu la kumapeto. Nditatsika lole ku Milange, mawu aja anali atandidikirira kale pa msika. Akanapita a Damiyano.

Mwayi wina sunabwerenso. Chaka chotsatira matayala ndi machubu zinasowa, mipikisano inayamba kuzilala, kenaka nkhondo inafika ndipo tonse tinawoloka malire kuthawira ku Muloza, ku Malawi. Njinga yofiirira inatsala m'nyumba imene inapsa. Titabwerera, mawondo anali atatha. Mwa njira imeneyi alamu anga anakhala katswiri wa mpikisano umene sanathamange, ndipo chikho chimene sanachione anachisunga mpaka imfa. Ndinawapatsa ndine, ndi luzi langa lomwe.

Rozina atamwalira, nkhani ya thadzi inayamba kundilemera. Miyezi iwiri a Damiyano asanatisiye, ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mpeyala, miyendo ija itatupa moti zipsera zinali zitafufutika. Ndinakhala pansi, ndinavula chipewa.

"Alamu, ndabwera ndi mlandu. Thadzi lija la kwa a Namwiyo..."

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa, ine n'kuwapatsa madzi.

"Epa, alamu, mfundo zanu zinali zoipa," anatero atapuma. "Munthu wothyola tiyi osadziwa kumanga luzi! Thadzi lija linafika pakhomo panga dzuwa lili pamutu, likuthamanga, kansungwi likukakoka kumbuyo. Mwayi wake a sekeretariyo anali ku msonkhano."

"Ndiye amene analibweza..."

"Ndine. Kulipanira m'khwapa, kuwoloka kamtsinje. Rozina anandigwirira miyendo, ine n'kumanga ndi dzanja limodzi ndi mano. Mwala uja ndinaika ndine."

"Chifukwa chiyani?"

"M'mawa womwewo ndinali nditatsitsa njinga pa mphanda mwakabisira, kukayesa kachitunda ka kuseri kwa fabirika. Nditangokoka mahandulo ndinaona mdima, ndinasanza. Nkhuku inachira, ine ayi. Tsono munthu amene anathamanga chala chili panja, amene ankalalikira kuti bala la kumtunda si kanthu, akanauza anthu chiyani nkhuku ikuyendayenda? Ndikanayenera kukwera basi." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Ndipo inu masiku amenewo munali moto, alamu. Ndinkakuonani mukutsika Tumbine. Ngakhale phewa likanakhala labwino, kaya. Mukanandisiya pa mlatho, Milange yense akuona."

Zaka makumi anayi ndinkadziona ngati mbala, osadziwa kuti mwini munda anandigwirira thumba. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinachifuna pa moyo wanga, kuwadutsa kamodzi anthu akuona, chinali m'manja mwanga, ndipo ndinachivundikira ndekha ndi dengu. Ndinakwiya mpaka misozi. Ndinakwiyira Rozina, amene anapita kumanda ndi mabodza a amuna awiri osatayako ndi limodzi lomwe. Koma koposa zonse ndinachita nsanje, chifukwa ngakhale pa chinyengo munthuyu anandiposa.

"Mukanene zimenezi pa anthu," ndinatero.

"Ndinenerenji?" Anatseka maso akumwetulira. "Kaneneni inuyo. Muyambire pamene munamanga nkhuku ya mlamu wanu wodwala."

Sindinanene pa maliro, sindinanene pa chiliza. Ndikulemba pano chifukwa pepala siliseka.

Ku tchalitchi kwathu, khonde la kutsogolo lili ndi nsanamira zinayi. Chibwerereni kuchokera ku Malawi, Lamlungu lililonse a Damiyano ankafika belu loyamba lisanalire n'kutsamiritsa njinga yawo yakuda pa nsanamira yoyamba, ya pafupi ndi khomo, pamene pamakhala mthunzi mpaka misa kutha. Handulo yawo inadya laimu n'kusiya kabowo kosalala kofika m'chiuno. Masiku ano pabwalopo pamadzaza njinga zamoto mpaka kusowa popita, koma pa nsanamira imeneyo saikapo kanthu. Palibe analetsa, anthu anangozolowera kupalambalala.

Mawa lake la chiliza ndinalawirira. Pabwalo panalibe munthu, kupatula mayi wina wachilendo amene ankasesa khonde. Ndinakankha njinga yanga mpaka pa nsanamira yoyamba n'kuitsamiritsa. Handulo inalowa m'kabowo muja ngati anayeza.

"Pepani agogo," mayi uja anatero, atagwada pang'ono tsache lili m'manja. "Sunthirani pa inayo. Apa mpa malemu a Damiyano, akatswiri a njinga aja. Simunawamveko? Akuti akanapita ku Quelimane..."

"Ndinawamva, mayi."

Ndinaichotsa n'kuitsamiritsa pa nsanamira yachiwiri. Mayi uja anasesa bwinobwino pamene panaponda matayala anga, ndipo misa yonse pa nsanamira yoyamba panali mthunzi wokhawokha.